Zimene Sindinalembe Lachiwiri

Achimwene anga alemba dayale kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo m'mabuku onsewo mulibe bodza ngakhale limodzi. N'chifukwa chake palibe amawawerenga. Ine ndinayesapo tsiku lina ndikupukuta fumbi pashelefu, tulo tinandigwira ndili chiimire. "Ndadzuka 5:10. Mvula yayamba 2:35, yakata 3:05. Mawotchi alowa atatu, atuluka awiri." Tsamba lililonse choncho. Ndinafufuza tsiku la ukwati wawo, ndimati mwina pamenepo mtima unawasuntha pang'ono. Analemba kuti: "Ukwati. Wachedwa ndi mphindi makumi anayi."

Ntchito yawo ndi yokonza mawotchi. Shopu ndi chipinda chakumaso kwa nyumba yomwe tikukhalayi, cha windo lalikulu loyang'ana kumsewu. Muli tebulo lalitali, nyale yopindika khosi, kagalasi kovala diso limodzi, ndi tizitini todzaza timasikuluwu tating'ono ngati nsabwe. Pakhoma pali mawotchi asanu ndi anayi amene eni ake sanabwerenso kudzatenga, onse amayenda mwendo umodzi ngati asilikali. Ine ndinabwera kudzakhala pano alamu anga atamwalira. Amuna anga anali atatsogola kale, ana sindinapatsidwe, ndiye tinangoti anthu awiri otsala, tiyeni tiziphika poto imodzi.

Sitiroko inawapeza achimwene m'mawa wina akutsegula windo lomwelo. Kuchipatala anagonako milungu itatu. Pobwera, mkono wakumanja unali lende ngati wobwereka, mwendo akuchita kuukoka, ndipo mawu ankatuluka olemera, othyoka pakati. Atadzimva kawiri katatu akulephera kunena "supuni", anatseka pakamwa. Munthu amene moyo wake wonse sanafune chinthu chopotoka sakanalola kuti mawu ake apotoke anthu akumva. Ankangokhala pampando wa m'shopu kuti duu, maso kumsewu.

Mwana ali naye mmodzi, wamkazi. Ine ndimamutcha Kapitawo, chifukwa anayamba kulamula anthu asanamere mano onse. Amagwira ntchito kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi, ndipo amakhala m'nyumba zosanjikizana zija, iye pamwamba penipeni, kumene ukasuzumira pawindo umaona misana ya mbalame.

"Ndiwatenga," anatero Kapitawo patangopita masiku awiri bambo ake atatuluka m'chipatala. Tinali m'shopu momwemo. Mayi wa mafizo, amene amabwera Lolemba lililonse kudzawongola mkono ndi mwendo, anali akulongedza timipira take. "Kwathu kuli chikepe, masitepe sadzakwera. Chipatala chili pafupi. Ndilemba munthu woti aziwasamalira. Inu azakhali mwakula, simungamawanyamule."

"Ndakula ine? Ine ndi bambo akowa wamkulu ndani?"

"Mwasiyana zaka ziwiri zokha, azakhali."

"Zaka ziwiri ndi mwana woyenda ameneyo."

Palibe anaseka. Ndinayang'ana achimwene. Nkhope inali kumsewu, koma dzanja lamanzere, lamoyolo, linali litagwira m'mphepete mwa tebulo mpaka mitsempha kutuluka.

Mayi wa mafizo ndi amene anatipulumutsa. Anati munthu amachira msanga pamalo amene anazolowera, ndiye awapatse mwezi umodzi. Koma pakhale wina wolemba zonse: adzuka nthawi yanji, adya chiyani, ayenda kufika pati, dzanja lachita zotani.

Kapitawo anaganiza kanthawi, kenaka anatambasulira dzanja pashelefu n'kutsitsa dayale ya chaka chino, imene inalekezera pa tsiku la matenda. Achimwene anatembenuka koyamba. Buku limenelo ngakhale alamu anga sankaligwira.

"Azakhali, muzilemba umu, tsiku lililonse. Ndibwera pakatha milungu inayi, Loweruka. Ndikapeza palibe chasintha, tinyamuka. Akagwa, ngakhale kamodzi kokha, tinyamuka. Tamvana?"

"Tamvana, bwana."

Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, aphunzitsi atatopa nane ine ndisanatope nawo. Zilembo ndimazidziwa zonse, kungoti zanga zimatuluka zonenepa, mawu anayi basi mzere wadzaza. Pafupi ndi tizilembo ta achimwene, towongoka ngati tosokedwa pamakina, zanga zinkaoneka ngati ng'ombe zalowa m'munda wa maluwa.

Mlungu woyamba ndinalemba zoona zokhazokha, ndipo zoona za munthu wongokhala ndi zochepa. "Adzuka. Asamba. Tiyi ndi buledi. Ayenda ndi ndodo kuchoka kuchipinda kufika kushopu. Akhala. Dzira. Akhalanso." Nthawi ya tiyi wa folo koloko ndinkawawerengera mokweza, poti buku ndi lawo. Iwo phee. Mayi wa mafizo anawasiyira pensulo yonenepa kuti aziyesera kulemba ndi dzanja lamanzere. Anaigwetsa dala ine ndikuona, n'kuikankhira kunsi kwa tebulo ndi phazi. Ndinaitola, anaigwetsanso. Masiku anapita choncho, ndipo ndinayamba kuona kuti Kapitawo adzafika atagula kale matikiti awiri obwerera.

Lachitatu la mlungu wachiwiri ndinalakwitsa mosadziwa. Ndinawerenga kuti, "Adzuka seveni koloko."

"Mm!"

Ndinadzutsa mutu. Achimwene anali atandituzulira maso. Anakweza dzanja, zala zonse zisanu, n'kulitsitsa, n'kukwezanso chala chimodzi.

"Sikisi?"

Anagwedeza mutu kuvomera, mwaukali.

"Aa, sikisi, seveni, zikusiyana pati? Zonse ndi m'mawa."

Anamenya tebulo, tizitini tonse tinalira. Ine mtima unangoti myaa. Panali patatha mwezi ndi kanthu ndisanamuone munthu ameneyu atakwiya, ndipo ndinali nditaiwala mmene kukwiya kumawakhalira. Nambalayo ndinakonza, koma m'mutu mwanga kanyerere kanali katayamba kale kuyenda.

Mawa lake ndinanola pensulo yonenepa ija, ndinaiika pafupi ndi kapu yawo, ndinakhosomola ngati wowerenga nkhani pawailesi, n'kuyamba:

"Lachinayi. Achimwene adzuka teni koloko, dzuwa lili pamutu. Adya mazira asanu ndi limodzi, apempha lina, ndawamana. A telala a nyumba yoyandikana nafe adutsa pawindo atavala diresi yobiriwira. Achimwene apesa tsitsi kawiri."

A telalawo ndi mayi wamasiye, mnzanga wochezera pampanda, wa mawu ngati belu la pasukulu. Achimwene amawaopa kuyambira kale. Akawaona akubwera ankaweramira m'mimba mwa wotchi mpaka adutse.

Kumenya tebulo kwa tsiku limenelo, wotchi imodzi pakhoma inapendekeka.

"Mwatani, a Mawotchi? Ndanama?"

"Bo… bo…"

"Bodza? Chabwino. Ine ndine mlembi, ntchito yanga n'kulemba. Za kufufuta sanandiuze. Pensulo ndi iyo. Mukapanda kufufuta, mwana wanu adzawerenga, adzukulu adzawerenga, kuti pa tsiku lakutilakuti agogo anapesa tsitsi kawiri."

Ndinasiya buku lili chitsegulire, n'kupita kukaanula zovala. Ndinaanula pang'onopang'ono, chovala chilichonse kuchipinda, kuchipindula, kuchipindanso. Pobwerera ndinapeza achimwene akuyang'ana msewu ngati palibe chachitika, thukuta lili pamphumi. Pa tsamba panali mzere wokhotakhota ngati njira ya nkhono. Mazira anawasiya, teni koloko anaisiya. Mzerewo unadutsa pa mawu amodzi okha.

"Oho! Mwafufuta 'kawiri' yekha. Ndiye kuti munapesa kamodzi?"

Anaitenganso pensulo.

Kuyambira pamenepo ntchito inakoma. Kumtunda kwa tsamba ndinkalemba zoona za mayi wa mafizo, kumunsi ndinkathira tsabola. Ndinalemba kuti avina m'khitchini ndi tsache. Ndinalemba kuti mvula yagwa tsiku lonse, pamene kunja kunali dzuwa loswa mtengo. Ndinalemba kuti anena okha kuti nthawi ya pafoni ndi yolondola kuposa mawotchi awo. Bodza limeneli linawapweteka moti pepala linabooka. Mizere inayamba kuwongoka. Kenaka kunabwera "AYI" wamkulu wonjenjemera m'mbali mwa tsamba. Kenaka manambala: 6:05. Dzira 1. Pofika mlungu wachitatu ankalemba mawu awiri kapena atatu, lilime lili panja ngati mwana wongoyamba kumene sukulu, ndipo folo koloko ankaidikira kuposa ine. Ikakwana ndisanabwere ndi tiyi, ndinkamva ndodo ikugogoda pansi.

A telala nditawafotokozera, sanachedwe. Tsiku lotsatira anavaladi diresi yobiriwira, anadutsa pawindo kupita, anadutsanso kubwerera, kachitatu anaima n'kulowetsa mutu.

"Mwaswera bwanji, a Mawotchi? Ndamva kuti zipeso zikutha m'nyumba muno."

Achimwene analibe wotchi yoti aweramiremo. Anaweramira m'buku. Tsiku limenelo ndinapeza m'mbali mwa tsamba atalemba kuti, "Adutsa 3. Phokoso."

Mayi wa mafizo atawerenga zonsezi anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Azakhali, zimenezi kusukulu kwathu sanatiphunzitse."

"Unapita sukulu yolakwika, mwana wanga."

Tsono linafika Lachiwiri la mlungu wachinayi, kutatsala masiku anayi kuti Kapitawo abwere. M'mawa ndinawatenthetsera madzi, ndinaika ndowa kubafa, ndinawauza kuti andidikire ndikataye zinyalala. Pampanda ndinakumana ndi a telala, ndipo nkhani inali yokoma, ya mkwatibwi amene ananenepa diresi itasokedwa kale. Sindinadziwe kuti ndaimapo nthawi yaitali bwanji.

Tinangomva chiphokoso, ndowa ikugubuduka. Tinawapeza ali chagada pasimenti yonyowa, ndodo ili uko, magazi akutuluka pachigongono. Anaona kuti madzi akuzizira, ndipo poti masiku amenewo mphamvu zinali zitayamba kubwerera, anati ayese okha. Ndinawafunditsa thaulo, tinawadzutsa awiriwiri. A telala anandithandiza kuwakhazika pabedi. Ndinawapapasa m'chiuno, m'nthiti, m'mutu. Palibe chinathyoka. Chigongono ndinachitsuka n'kumatapo pulasitala.

"Anzanga," ndinawauza a telala pakhomo, "zimene mwaonazi simunazione."

"Ine ndaona zambiri lero, koma palibe zoti ndingakanene kumsika."

Masana Kapitawo anaimba foni, monga ankachitira kawirikawiri nthawi yake yopuma. Anafunsa kuti ababa ali bwanji. Ndinati ali bwino, angomaliza kudya.

Folo koloko itakwana ndinabwera ndi tiyi ngati masiku onse. Tsiku limenelo nthabwala zinakana kubwera. Ndinawerenga: "Lachiwiri. Adzuka 6:00. Tiyi, buledi, dzira limodzi. Asamba. Ayenda mpaka kushopu. Tsiku labwino."

Achimwene anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Musandiyang'ane choncho. Mukufuna mukakhale kumwamba kuja ngati njiwa? Windo lake loonera mitambo? Wokupatsani tiyi akhale mlendo, wongokuitanani 'agogo, agogo', osadziwa n'komwe kuti manjawa ankaukitsa mawotchi akufa? Ndikalemba zija, Loweruka mukwera basi. Sindinanametu ine. Ndangodumpha."

Tebulo sanamenye. Pensulo sanaigwire. Anatembenukira kumsewu, ine ndinati basi tamvana. Ndinasiya buku patebulo, ndinanyamula makapu. Mawa lake ndinapeza kachingwe kosungira tsamba kali kale pa Lachitatu, ndinangoyambira pomwepo. M'mbuyo sindinabwerere. Zolemba zanga si zoti munthu n'kuzilakalaka kawiri.

Loweruka Kapitawo anafika masana, ndi kachikwama kake paphewa ndi chisutikesi chachikulu. Ndinadziwa kuti mulibe kanthu poona mmene ankachinyamulira ndi zala ziwiri. Anakumbatira bambo ake, amene ndinali nditawaveka malaya a manja aatali, mabatani onse otseka.

"Kutentha konseku, azakhali?"

"Bambo ako ayamba kutchena. Usawasokoneze."

Ngakhale madzi sanamwe. "Buku lili kuti?"

Anakhala pampando wa makasitomala, buku pamiyendo. Masamba oyamba anawerenga nkhope ili gwa. Atafika pa mazira asanu ndi limodzi anadzutsa mutu.

"Azakhali, ichi n'chiyani? Ndinakupatsani ntchito ya chipatala, inu mwaisandutsa sewero?"

"Werenga m'mbalimo, bwana."

Anayang'ana m'mbali. Anaona mzere wokhota uja. Anatsegula tsamba lina, anaona "AYI". Lina, lina. Anayamba kuyendetsa chala pa timanambala tija, ngati akuopa kuti tifufutika.

"Ababa… mwalemba ndinu izi?"

Achimwene anayang'ana kudenga, ngati munthu amene akumuyamikira pa kanthu kosafunika kutchula.

Kapitawo ankaseka kwinaku akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Za kuvina ndi tsache anawerenga mokweza kawiri. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza zopempha chisutikesi chija ndizisungiramo mabulangete. Kenaka kuseka kunaduka ngati magetsi.

"Lachiwiri," anatero. Anawerenga zanga zonse mpaka pa "tsiku labwino". Ndiye anapitiriza, pang'onopang'ono, poti zilembo zake zinali zovuta: "Ndagwa 8:20. Kubafa. Chigongono. Chemwali anachedwa mphindi 14. Ine sindinadikire."

Chidwalireni anali asanalembepo mawu ambiri chotero. Ayenera kuti analimbana nawo kuyambira pamene ndinanyamula makapu mpaka dzuwa kulowa.

"Achimwene," ndinatero, "inu munthu angakubiseni m'thumba? Mungaboole thumbalo n'kuitana apolisi nokha."

"Azakhali, musaseke."

Kapitawo ananyamuka, anamasula batani la pamkono wa malaya n'kupinda. Pulasitala inaonekera, ndi potupa pozungulira. Anayang'anapo nthawi yaitali. Atatembenuka mawu ake anali otsika, ndipo ndikanakonda akanakuwa.

"Tsiku lomwelo ndinakuimbirani. Ndinafunsa kuti ali bwanji. Munati chiyani?"

"Ndinati ali bwino."

"Akanakhala kuti anamenyetsa mutu? Magazi n'kumatuluka m'kati inu osaona? Munthu wa sitiroko akagwa amapita naye kuchipatala, azakhali, samumata pulasitala n'kumuveka malaya a manja aatali. Zonse ndi nthabwala kwa inu. Ine ndili kutali, maso anga ndinu, ndiye inu mwanditseka m'maso."

Ndinaweramitsa mutu.

"Ndinalakwa, mwana wa achimwene. Ndinaopa."

"Munaopa ndani?"

"Chisutikesi chakocho."

Anachitenga n'kulowa nacho kuchipinda kwa bambo ake. Tinamva madirowa akutseguka. Achimwene anatseka maso.

Ndinamutsatira n'kuima pakhomo. Ankapinda malaya mwaukhondo, mmene ankapindira mayi ake.

"Kapitawo."

"Tinapangana, azakhali. Kamodzi kokha."

"Tinapangana, eya. Iwe, ine ndi mayi wa mafizo. Unafunsa adokotala, unafunsa ine, lero wafunsa buku. Eni ake a chigongonocho unawafunsa?"

"Sayankhula."

"Mwezi watha sankayankha. Lero wawerenga wekha."

Anaima ndi malaya m'manja. Kenaka anawaika pabedi, osati m'sutikesi, n'kundidutsa osandiyang'ana.

M'shopu anakokera mpando pafupi, anatsegula buku pa tsamba la Loweruka, limene ndinali ndisanalembepo kanthu, n'kuika pensulo m'dzanja la bambo ake.

"Ababa, ine ndikufuna mupite nane. Ndikuopa. Foni ikangolira m'mawa mtima umandichoka. Koma nenani inuyo."

Zinatenga nthawi. Ndinapita kukatereka madzi, ndinabwerera, anali akadali pa mzere woyamba. Pensulo inathyoka, Kapitawo anainola ndi kampeni ka patebulo. Bambo wina anagogoda pawindo ndi wotchi yakufa m'manja, ndinamuuza ndi manja kuti abwere tsiku lina. Kapitawo sanawathandize chilembo ngakhale chimodzi, ngakhale ndinkaona milomo yake ikuyenda limodzi ndi pensulo.

Atamaliza, achimwene anamukankhira buku.

"Loweruka. Mwana wafika 1:15. Ndikhala pano. Ndikagwa, ndilemba. Uwerenga."

Kapitawo anawerenga, anawerenganso.

"Mukagwa kawiri?"

Achimwene anakweza zala ziwiri n'kuloza buku.

"Nanga mukadzaona kuti simungathenso?"

Apa pensulo sanaiyendetse. Anakonza pakamwa, anameza malovu, ndipo mawu anatuluka opotoka, koma athunthu.

"Ndi… dza… nena."

Mwana uja anagwetsa mutu patebulo, pakati pa tizitini, mapewa akugwedezeka. Bambo ake anamuika dzanja pamutu, pensulo ikadali pakati pa zala. Ine ndinapita kukaona madzi, ngakhale ndinkadziwa kuti sanawire.

Atadzutsa mutu anali Kapitawo uja wa masiku onse. Malamulo anatuluka motsatizana. Lolemba m'mawa tonse kuchipatala, akaone chigongono ndi mutu womwe. Kubafa kuikidwe zitsulo zogwira kukhoma ndi mpando wapulasitiki. Nthawi yomweyo anaimbira foni wowotcherera zitsulo. Tsiku lililonse ndizijambula tsamba la tsikulo pafoni n'kumutumizira. Miyezi itatu, kenaka tidzakhalenso pansi.

"Ndipo buku azilemba okha ababa. Inu azakhali ntchito yatha."

"Wandichotsa popanda chenjezo?"

"Popanda."

"Nanga azikwiya ndi chiyani? Munthuyutu mankhwala ake ndi mkwiyo."

"Muzinama pakamwa. M'buku ayi."

Anakhala nafe masiku anayi. Kuchipatala anati mutu uli bwino. Zitsulo zinaikidwa; achimwene anaziyeza ndi diso n'kupeza kuti chimodzi chapendekeka, wowotcherera anachita kuchizula n'kuyambiranso. Masiku onsewo Kapitawo ankandiyankha zofunika zokha: eya, ayi, mchere uli kuti. Nthabwala zanga zinkagwa pansi ngati mbale zapulasitiki, osasweka, osatoledwa.

Tsiku lonyamuka ndinamuperekeza kokwerera basi, nditamunyamulira kachikwama. Basi itafika, anthu akukankhana pakhomo, anatembenuka.

"Azakhali, ndikakuimbirani n'kufunsa kuti ali bwanji, muzindiuza chiyani?"

"Zimene zilipo."

"Ngakhale zoipa?"

"Ndiziyamba ndi zoipazo, zabwino pambuyo."

"Nanga inuyo mukadwala, alembe ndani?"

Funso limenelo sindinaliyembekezere. Ndinati ndiyankhe kuti ine sindidwala, matenda akandiona amawoloka msewu, koma mwanayo anali akundiyang'ana osaphethira.

"Bondo ili," ndinatero. "Linayamba chaka chatha. M'mawa limakana kupinda."

"Chaka chatha!"

"Wati ndiziyamba ndi zoipa."

Anapukusa mutu, anandilanda kachikwama, kenaka anandikoka n'kundikumbatira mwamphamvu mpaka mpango wanga kusuntha. Kondakitala anali akumenya m'mbali mwa basi.

"Lolemba mumuuze mayi wa mafizo za bondolo. Ndidzamufunsa."

"Ndamva, bwana."

Anakwera. Ndinadikira mpaka basi itakhota, ndiyeno ndinabwerera kunyumba pang'onopang'ono, ndikutsimphina momasuka, poti panalibenso womubisira.